Ang'amba mbereko ya mwana kaamba ka mabainokyula



Ndine mayi wa zaka 24, ndimakhala chakufupi ndi Fort Lister m'boma la Phalombe. Ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi wa zaka zitatu. Amuna anga amaperekeza alendo okwera phiri la Mulanje. Chaka chatha mlendo wina anawasiyira mabainokyula, aja oonera zinthu zapatali, ngati mphatso. Chilandirireni, alendo okonda mbalame amafuna iwowo, ndipo pakhomo pathu pasinthako ndithu. Vuto ndi chingwe chake. N'chopyapyala, chawasupula khosi, ndipo akabwera kuphiri amangodandaula khosi ndi mutu. Mwezi watha ine ndili kumunda, anatenga chitenje chimene mayi anga anandipatsa nditachira kuti ikhale mbereko ya mwana, n'kuching'amba ati apange lamba. Mfundo inamasuka ali panjira, mabainokyulawo n'kugwa, mwayi anagwera paudzu. Pano akuti titapeko ndalama ya nandolo akagule lamba wa m'sitolo ku Blantyre. Mtima ukundiwawa ndipo sitikuyankhulana bwino. Kodi ndipite kwa ankhoswe?

Ine wodandaula, Phalombe

Zikomo mdzukulu wanga polemba. Ankhoswe uwasiye kaye apume, nkhani iyi ndi ya singano ndi ulusi. Komabe tiyambe ndi chitenjecho, chifukwa ndikuona kuti chimene chakubaya mtima si ndalama ya nandolo ayi.

Amuna akowo analakwa, ndipo nyuziyi uwapatse awerenge okha. Inu bambo, mbereko imene apongozi anu anapereka mwana atabadwa si sanza yopukutira njinga. Mukanafunsa. Mupepese ndi pakamwa panu, osati kungobwera ndi nsomba zouma madzulo n'kumayesa kuti nkhani yatha. Chitenje china mugule, ngakhale mukudziwa kuti sichingalowe m'malo mwa chija. Koma nawenso mdzukulu, taganiza: munthu wamkulu kufika pong'amba chitenje cha mkazi wake, ndiye kuti khosi lamupweteka kufika posauzana. Mabainokyulawo ndi khasu la banja lanu tsopano. Chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, ndiye tikuyembekeza kuti alendo azibwerabe, ndipo woperekeza amene amatha kuonetsa mlendo mbalame ili patali sasowa womuitana. Khasu likaguluka sititaya, timalikhomera bwino mumpini.

Chimene chandiseketsa n'chakuti yankho linali m'manja mwawo momwemo, iwo osaliona. Anagwira mbereko, koma osadzifunsa kuti kodi mayi amatha bwanji kuyenda kuchokera kumudzi mpaka pa msika wa Migowi mwana wa makilogalamu khumi ali kumsana, pamene iwo kanthu kosakwana kilogalamu imodzi kakuwaliritsa. Unaonapo mayi atakoleka mwana m'khosi ndi chingwe? Mbereko ndi yotambalala, imagawa kulemera kumsana ndi m'mapewa, ndiponso imamugwira mwana kuti asamalendewere uku ndi uku. Nzeru yonse ya kanyamulidwe ka mabainokyula ndi yomweyo, ndipo katswiri wake m'nyumba mwanumo ndiwe.

Mabainokyula amene alendo ambiri amayenda nawo, aja olembedwa 8x42 kapena 10x42, amalemera magalamu 600 mpaka 800, ndipo akuluakulu a 10x50 amayandikira paketi ya shuga. Kuwanyamula m'manja umati palibe kanthu. Koma tamangirira paketi ya shuga ku kachingwe, uikoleke m'khosi, ukwere nayo kuchoka pa Fort Lister mpaka pa nyumba yogona alendo ya Sombani, ulendo wa maola atatu kapena kuposa, chitunda chokhachokha. Kachingweko kamakokera mutu kutsogolo, minofu ya kumbuyo kwa khosi n'kumalimbana nako tsiku lonse. Onjezerapo thukuta ndi kukhulana, ndiye chilonda chimene ukunenacho. Ndipo munthu akawerama kuti agwire mwala, mabainokyula amayamba ndiwo kukafika pamwalapo.

Njira yoyamba sifuna ngakhale tambala. Atalikitse chingwe chimene chilipocho, achivale mopingasa monga mwana wa sukulu avalira chikwama: chidutse paphewa limodzi, mabainokyulawo akhale m'munsi mwa khwapa la mbali inayo. Khosi lapuma pomwepo, ndipo chigongono chimawagwira kuti asamavinevine. Pofika paphewapo usokere kathumba kautali ka nsalu, ulowetsemo kachidutswa ka siponji ya matiresi akale, chingwe chidutse mkati. Izi zikwanira munthu wongoyenda m'dambo Lamulungu masana. Koma kwa wokwera phiri tsiku ndi tsiku, phewa limodzi lidzatopanso, choncho tipite ku njira yeniyeni.

Lamba wa m'sitolo amene akufunayo si wachilendo. Ndi malamba awiri opingasana kumsana ngati chilembo cha X, basi. Umupange chonchi. Tenga kaye chingwe wamba, ngakhale luzi, amuna ako aimirire atavala malaya amene amavala kuphiri. Yambira pakati pa mapewa kumsana, ukwere paphewa la kumanja, utsike kutsogolo, ulowe kukhwapa la kumanja, ubwerere kumsana, upingase kupita paphewa la kumanzere, utsike kutsogolo, ulowe kukhwapa la kumanzere, ukathere pamene unayambira. Ukachivula uona kuti chapanga nambala 8, mkono uliwonse uli ndi bowo lake. Umenewo ndiye muyeso wako. Usatengere muyeso wa mwamuna wa mnzako, zifuwa zimasiyana.

Tsopano pezani lamba wa utali umenewo, wotambalala zala ziwiri kapena zitatu. Wabwino koposa ndi lasitiki yokhuthala, ija atelala amaika m'chiuno mwa masiketi, chifukwa imakoka mabainokyula kuti akhale phee pachifuwa, koma munthu akafuna kuwakweza kumaso imatamuka. Pa kaunjika pamapezekanso malamba aja okolekera buluku m'mapewa amene ankavala agogo anu aamuna. Amenewo anabwera opingasa kale, ntchito yatsala n'kungopindira nsonga zake kutsogolo. Malamba a chikwama chakale cha kumsana nawonso amagwira, kungoti satamuka, ndiye pamafunika kulumikiza kalasitiki kotalika ngati chikhatho mbali iliyonse, chakukhwapa.

Musanalumikize nsonga ziwirizo, lowetsani timphete tiwiri ta makiyi, tikulutikulu, kamodzi kukhale ku bowo la kumanja, kena ku bowo la kumanzere. Timpheteto tisasokedwe, tizitsetsereka pa lambayo. Ndi timeneti timene timakwera m'mwamba pamene munthu akuyang'ana mbalame, n'kutsikanso akamaliza. Apa pali pamene ambiri amalakwitsa: amalowetsa kamphete kachitsulo kapena waya m'timakutu ta mabainokyula mwachindunji. Ayi. Timakutu timeneto pa mabainokyula ambiri ndi tapulasitiki kapena tachitsulo chofewa, waya amatidya pang'onopang'ono, ndipo kakhutu kakathyoka palibe wosoka nsapato angakabwezere. Pakati pa kamphete ndi kakhutu pakhale kachingwe ka nayiloni kolimba, ngati ka nsapato za mpira, kopindidwa pawiri. Nsonga zake muziotche ndi machesi kuti zisasosoke.

Pamene malamba apingasana kumsana, pasakhale mfundo. Ndikubwereza, pasakhale mfundo. Mfundo ndiyo inagwetsa mabainokyula mwezi watha, chifukwa nsalu ya chitenje ikanyowa ndi thukuta n'kumakokedwakokedwa, mfundo imapola yokha. Komanso amuna ako amabereka chikwama, ndipo mfundo yopanikizika pansi pa chikwama imaboola msana asanafike n'komwe pakati pa njira. Pamenepo pasokedwe kachigamba kafulati ka nsalu yolimba, ya jinzi yakale, kukula ngati chikhatho cha mwana. Pita nacho kwa telala wa pakhonde adutsepo ndi makina kangapo, kapena kwa wosoka nsapato ndi ulusi wake wokhuthala uja. Ndalama yake siingafike n'komwe pa thiransipoti yopita ku Limbe n'kubwera.

Nanga zidutswa za mbereko ija zilipo? Usazitaye ndi mkwiyo. China usunge m'sutikesi, mwana adzachione akadzakula. Chinacho ukutire nacho malamba a m'mapewa, chifukwa lasitiki yosakutira imatentha ndipo imakhula. Posoka chokutiracho uchisiye chokwinyika, chotalikirapo kuposa lasitikiyo, kuti isalephere kutamuka, ndipo kutsogolo kumene timphete timayenda usakutireko. Sindikukukakamiza, mwina mtima sunafike pamenepo. Koma ine ndikanatero, kuti bamboyo akamakwera phiri azikumbukira chimene anang'amba.

Ena andiuza kuti bwanji osangodula chubu cha njinga, poti ku Phalombe njinga ndiye galimoto yathu ndipo machubu otha ali mbwee. Zoona, mphira amatamuka bwino ndipo ndi waulere. Koma amene anasewerapo ndi legeni akudziwa khalidwe la mphira: dzuwa likamuomba amachita ming'alu, ndipo tsiku lodukalo sakuchenjeza. Ngati mwasowa lasitiki, gwiritsani mphira, koma mumukutire ndi nsalu, muzimuyang'ana musananyamuke, ndipo chingwe chakale chija chikhalebe m'khosi chili lendelende, chosanyamula kanthu, chongodikira tsiku la tsoka. Ngakhale ndi lasitiki yomwe, masabata oyamba ndi bwino kutero. Ndipo musanakolekepo mabainokyula enieni, mangirirani mwala wolemera chimodzimodzi, bambo adumphedumphe nawo pabwalo, awerame, athamange pang'ono. Anthu aseke, palibe kanthu, bola kugwe mwala.

Kutalika kwake, mabainokyula akhale pachifuwa penipeni, osati pamimba. Akatsika kwambiri amagunda lamba wa buluku ndi miyala, akakwera kwambiri amatsamwitsa.

Pali njira inanso imene operekeza alendo ena amakonda, yokoleka mabainokyula ku malamba a chikwama cha kumsana, mbali iyi kachingwe, mbali iyo kachingwe. Imapepuka bwino kwabasi poti chikwama ndicho chanyamula zonse. Kuipa kwake n'kwakuti munthu wotopa akafika popumira amangovula chikwama n'kuchiponya pansi, ataiwala kuti chuma chili pomwepo. Amuna ako ngati ali oiwalaiwala, iwe ukuwadziwa, njira imeneyi isawayandikire.

Tsono za mutu umene ukuwapwetekawo, pali chinthu china choti muone, popeza mabainokyulawo anagwapo. Mkati mwake muli timagalasi timene tinayalidwa kuti maso awiri aziona chithunzi chimodzi. Akagunda pansi timagalasito timatha kusuntha pang'ono, maso n'kumavutika kulumikiza zithunzi ziwiri, mutu n'kuyamba kuwawa. Kuyesa kwake, awakhazike pampanda kapena pawindo kuti asagwedezeke, ayang'ane denga la nyumba yakutali kapena waya wa magetsi, kenaka awatalikitse pang'ono kumaso uku akuyang'anabe. Mzere wa dengalo ukakhala pamwamba diso lina, pamunsi diso linalo, ndiye kuti asokonekera. Zikatero asawatsegule ndi mpeni kapena sikuludiraiva, afunse anzawo a ntchito kapena alendo odziwa za mbalame kumene angakakonzetse. Ndalama ya nandolo ngati iti ituluke, ituluke pa chimenecho, mutagwirizana awirinu, osati pa lamba. Ndipo khosilo likapitirira kupweteka lamba atasintha, makamaka ngati manja achita dzanzi kapena afooka, apite kuchipatala, asamangomwa panado.

Kuphiri kuli chiperoni, ndipo magalasi a mbali yoika maso ndiwo amayang'ana kumwamba mabainokyula akakhala pachifuwa. Mvula, thukuta, nyenyeswa za chigumu, zonse zimagwera mmenemo. Ngati chivindikiro chake chinatayika, dula kachikopa ka nsapato yakale kapena chidutswa cha chubu cha galimoto, kokwanira kuphimba magalasi onse awiri, uboole mbali imodzi n'kukamangirira ku kachingwe kuti kasasowe. Mvula ikalimba, alowetse zonse mkati mwa jekete. Akafika kunyumba asawatsekere m'jumbo ali onyowa, chifukwa chinyontho chimameretsa chuku mkati mwa magalasi ndipo chikamera sichichoka ndi kupukuta. Awaike pamalo opita mphepo, pamthunzi, aume kaye. Timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano timayamwa chinyontho, n'tabwino kuika m'thumba lake, koma tikhale kutali ndi mwana, angayese shuga. Popukuta, ayambe auzira fumbi lichoke, ndiyeno kansalu kofewa koyera. Mphepete ya malaya kapena ya chitenje imakhala ndi mchenga wosaoneka, ndipo fumbi la m'chigwa mwathumu mwezi wa Okutobala mukulidziwa, limakala galasi ngati sandipepa.

Ulendo wa pa njinga, kaya yanu kaya ya kabaza, mabainokyula asakhale pa kaliyala. Kugwedezeka kwa msewu wa fumbi kumasokoneza timagalasi tija chimodzimodzi kugwa. Akhale pachifuwa kapena m'chikwama cha kumsana atakulungidwa mu juzi.

Popeza ndayamba kale, ndilankhuleko ndi inu a mbali ya kunyanja ya Chilwa, chifukwa kumeneko nakonso alipo achinyamata operekeza alendo ndi othandiza kuwerenga mbalame. Nyanja imeneyi inalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, yoyamba m'Malawi muno, kaamba ka mbalame zake za m'madzi: akakowa, atsekwe, achiswankhono, avuwo ndi zina zochokera maiko akutali. M'bwato lamba wopingasa ndiye wofunika kwambiri, chifukwa munthu amawerama pafupipafupi, kukankha bwato m'matope kapena kupatula mabango. Madzi a Chilwa si akuya, koma ndi a matope ndiponso a mchere pang'ono popeza nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chogweramo simuchionanso. Pa nthawi imene mwawavula, amangirireni ku botolo lapulasitiki la malita awiri, lopanda kanthu, lotseka bwino. Botololo silingawateteze kunyowa, koma muwapeza akuyandama.

Kwa inu makolo nonse, mawu awiri okhudza ana. Mwana akaona bambo ake akuyang'anira m'chinthu, naye amafuna. Muloleni, koma muli pomwepo, ndipo chinthu choyamba kumuphunzitsa n'chakuti dzuwa saliyang'ana ndi mabainokyula ngakhale kamphindi. Magalasiwo amasonkhanitsa kuwala monga galasi lija anyamata amayatsira pepala, ndipo diso likapsa mkati silichira. Chachiwiri ndi chingwe. Mwana wa zaka zitatu ngati wakoyu, mdzukulu, asavale chingwe chilichonse m'khosi. Ana amakwera mitengo, amadumpha mipanda, chingwe chikakola panthambi palibe nthawi yoitana munthu. Lamba wa bamboyo azikolekedwa pa msomali wam'mwamba. Ana okulirapo, aja a m'makalabu a zachilengedwe kusukulu, asokereni lamba wopingasa wa msinkhu wawo, osati wa m'khosi. Wamng'onoyo mudulireni timapaipi tiwiri ta nsungwi, mutisalaze m'mphepete, mutimange pamodzi ndi mphira, azigwira m'manja n'kumatsanzira bambo ake. Adzaona nantchengwa ndi namzeze zomwezo, ndipo adzakuuzani kuti zake zikuoneka bwino kuposa zanu.

Chotsala n'chovuta kuchitchula, koma a ku Phalombe mundimvetsa. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira maboma ena, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa pongowaganizira. Ambiri ankakayikiridwa chifukwa chongokhala achilendo kapena kunyamula chikwama ndi zipangizo zimene anthu sankazidziwa. Munthu wa malamba opingasa pathupi, chinthu chakuda cha maso awiri chili pachifuwa, amaoneka wachilendo kwa amene sanachionepo. Kwanuko amuna ako amadziwika, koma akapita ndi alendo kumidzi ina, kaya kunyanja kaya kuseri kwa Michesi, ayambe alonjera kwa amfumu, anene chimene abwerera. Anthu akaunjikana asabise, awapatse ayang'aniremo, ayambe ndi akuluakulu. Munthu amene waona yekha mbuzi yake ili kutsidya ikubwera pafupi, amaseka, ndipo mantha amathera pomwepo. Apanso chingwe chakale chija chithandiza: wobwereka aliyense ayambe wachikoleka m'khosi asanagwire.

Ndipo inu bambo, mabainokyula saloza kumene amayi akusamba kapena kuchapa, saloza pakhomo pa munthu, ngakhale mbalame yake ikhale yokongola chotani. Ikatera kumeneko, isiyeni ipite. Mlendo wanunso mumuuze zimenezi musanayambe ulendo, chifukwa mlandu ukabuka iye akwera ndege, wotsala pabwalo la amfumu ndinu.

Mdzukulu, madzulo ano tenga luzi uwayeze amuna akowo. Kuyeza chifuwa cha munthu uli chete n'kovuta, mmodzi wa inu ayamba yekha kuyankhula. Akakabwerako ku Sombani ulendo woyamba ndi lamba watsopanoyo, undilembere undiuze ngati khosi lapola, komanso ngati chitenje chinagulidwa.